Nyumba imene Isaac Newton anabadwira, m'maso mwa mphunzitsi wa ku Mulanje

Ndakhala ndikuphunzitsa masamu kuno ku Mulanje kwa zaka zambiri, choncho mwana wanga amene amagwira ntchito ku England atandiitana kukacheza, ndinamupempha kuti andiperekeze ku Woolsthorpe Manor, nyumba imene katswiri wa masamu ndi sayansi Isaac Newton anabadwira m'chaka cha 1642, kufupi ndi tauni ya Grantham m'dera la Lincolnshire. Malowa amasamalidwa ndi bungwe la National Trust ndipo polowa munthu amalipira.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti iyi ndi nyumba ya mlimi woweta nkhosa, yamiyala, yopanda ulemerero uliwonse. Bambo ake a Newton, amene sankatha kulemba, anamwalira kutatsala miyezi itatu kuti mwanayo abadwe, ndipo atasinkhuka mayi ake anamusiyitsa sukulu kuti aziyang'anira munda ndi ziweto, mpaka mphunzitsi wamkulu ndi amalume ake anachonderera kuti abwerere. Nditamva mbiri imeneyi m'nyumbamo, ndinakumbukira ana anga a Fomu 2 amene amajomba mvula ikagwa chifukwa chothandiza makolo kuthyola tiyi, ndipo ndinadzifunsa kuti ndi angati amene ndinawalondola kwawo n'kukawachonderera.

M'chipinda cha m'mwamba ndi mmene Newton anagawira kuwala kwa dzuwa kukhala mitundu ya utawaleza pogwiritsa ntchito galasi la ngodya zitatu, pa nthawi imene mliri wa 1665 ndi 1666 unatseketsa yunivesite ya Cambridge, kumene ankaphunzira, iye n'kubwerera kwawo. M'zaka zomwezo ndi mmene anayala maziko a masamu a calculus, owerengera mmene zinthu zimasinthira. Masamu otere ndi ovuta kuwaika poti maso aone, komabe m'nyumba ina ya pafamupo anakonza zipangizo zoti ana azigwira ndi kuyesa okha za kuwala ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, ndipo ndinaona makolo akukanirira pamenepo kuposa ana awo.

Mtengo wa maapozi, umene amati apozi lake litagwa linachititsa Newton kuganizira za mphamvu yokokera zinthu pansi, ulipobe pabwalo. Unagwapo ndi mphepo zaka zoposa 200 zapitazo koma unaphukanso, ndipo anautchinga ndi kampanda kakafupi.

Aphunzitsi anzanga amene mungapeze mwayi wofika kumeneko, yambani mwafufuza masiku otsegulira, ndipo konzani galimoto yochokera ku Grantham popeza malowa ali kumudzi. Ine ndinabwerako ndi galasi la ngodya zitatu, ndipo m'mawa dzuwa likangotulukira paphiri n'kulowa pawindo la kalasi yathu, ana amalimbirana kuligwira.