Masitolo a siliva apansi pa nthaka ku Chancery Lane

Amene muli ku London ndipo muli ndi masupuni kapena tipoti wakale amene mukumuganizira kuti ndi siliva, pitani naye ku London Silver Vaults. Ndi pa Chancery Lane, kamtunda kochepa kuchokera pa siteshoni ya dzina lomweli, ndipo polowa salipiritsa. Mumatsikira pansi n'kudutsa chitseko chachitsulo chochindikala zedi, poti malowa anatsegulidwa mu 1885 kuti anthu olemera azisungitsako chuma chawo. Lero zipinda zija zinasanduka timasitolo, tambiri ta mabanja amene malondawa anachita kusiyirana.

Ine ndinanyamula tipoti amene agogo anapatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira ku Zomba, ndi timasupuni ta tiyi tomwe ndinagula motchipa pamsika wa zakale. Bambo amene ndinawapeza, tipotiyo sanamuike n'komwe pasikelo. Anangomutembenuza n'kundilozera zilembo EPNS. Ndiye kuti mkati ndi chitsulo china, siliva anangokutira pamwamba ndi magetsi, luso limene a kampani ya Elkington a ku Birmingham analembetsa mu 1840. Wotereyu mukamukwecha ndi phulusa kapena sitiliwulu monga timachitira ndi mapoto, siliva yense amasupuka. Wathu wayamba kale chikasu pamlomo.

Pa timasupuni m'pamene anakhazikika. Anandibwereka kagalasi kawo kuti ndidzionere ndekha tizidindo ta kuseri kwa chigwiriro. Mkango woyenda ukutanthauza siliva weniweni, magawo 925 pa 1,000. Kachidindo kena kamanena mzinda umene silivayo anayesedwako: nangula ndi Birmingham, ngakhale mzindawu uli kutali ndi nyanja. Mutu wa kambuku ndi London. Chisoti chachifumu pa zinthu zakale ndi Sheffield. Chilembo chimodzi chokhala pachokha chimanena chaka. Tanga tinalinso ndi kamutu ka Mfumukazi Victoria, chizindikiro cha msonkho chimene anasiya kudinda mu 1890. Anafotokoza zonsezi mosathamanga, akuona bwino lomwe kuti sindigula kanthu.

Komabe awa ndi amalonda. Mtengo umene angakuuzeni ndi wokuguliranipo, osati umene adzamate pashelefu, choncho funsani m'masitolo awiri atatu musanavomere. Ngati mukufuna chikalata cha mtengo choti mupereke ku inshulansi, yambani mwafunsa ndalama zake. Zogula zambiri mitengo yake ndi ya anthu opeza bwino, ifeyo n'kungodyetsa maso. Ndipo musapite Lamlungu, amatseka.