Kalasi ya pa holide yophunzitsa ana kuyankhula pagulu ku Katoto: zimene ndinaonako

Mwana wanga wachisamba akulowa Fomu 4 mwezi uno. Chingerezi cholemba amakhoza bwino, ndipo nkhani yake ya kusukulu sinandidetsepo nkhawa mpaka teremu yathayi, pamene aphunzitsi a Jogalafe anapatsa aliyense mutu woti akafotokoze kutsogolo kwa kalasi kwa mphindi zisanu. Iye anamupatsa za kutha kwa mitengo. Analemba masamba atatu n'kuloweza onse pamtima. Ndinkamumva akulakatula potsuka mbale, posita yunifolomu, ngakhale pogona. Tsiku litafika ananena ziganizo ziwiri, liwu limodzi linamuthawa, ndipo zonse zinathera pomwepo. Anangoti kakasi, anzake n'kuyamba kuseka. Madzulo ake nsima sanaikhudze. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene mwanayu anavutikira pokonzekera.

N'chifukwa chake uthenga utabwera pa gulu la WhatsApp la makolo, woti mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi aziphunzitsa ana kuyankhula pagulu pa holide ya Ogasiti, sindinachedwe. Mtengo unali K30,000, masabata atatu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, mu holo ya tchalitchi china cha ku Katoto, kuno ku Mzuzu. Ine ndimagulitsa zitenje ku msika wa Taifa, choncho ndalama imeneyi ndinaimva kutuluka, osawerengera ya kabaza kuchokera kwathu ku Chibavi. Dzina la mayiwa sinditchula, popeza ndili ndi madandaulo angapo ndipo ndinawauza kale pamaso. Ndinakhalapo nawo m'kalasimo katatu, ndiye zimene ndilembe pano zambiri ndinaziona ndekha.

Chinthu chimene ndalama yanga inagula chinachitika tsiku loyamba lomwe. Ana anabwera ndi mapepala awo, madamu n'kuwatolera onse kuika pa tebulo. Kenako anauza aliyense kuti afotokoze nkhani yake m'chiyankhulo cha kwawo. Ambiri anayankhula Chitumbuka, awiri Chitonga, mnyamata mmodzi wa ku Karonga Chinkhonde, wanga Chichewa. Mwana uja anasowa chonena m'kalasi anayamba kusimba za anthu a njinga amene amalowa m'tauni m'mamawa atasanja matumba a makala, za mmene mtengo wa thumba wakwerera, za mapiri amene timawaona ali mbee tikamapita kumudzi ku Dedza. Anatha mphindi zinayi osapunthwa. Madamu anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, nkhaniyi ukuidziwa. Zija unalowezazi sizinali zako."

Anafotokoza kuti mawu oloweza ali ngati mikanda ya pa ulusi umodzi: ulusi ukaduka pamodzi, yonse imamwazika. Koma munthu akagwira mfundo, liwu lina likamuthawa amatola lina. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndikuona kuti vutoli si la ana ayi. Kuyambira Sitandade 5 amaphunzira m'Chingerezi, satifiketi ya MSCE siibwera ngati Chingerezi walephera, koma mayeso ake ndi a cholembera ndi pepala. Mwana amakopera manotsi pa bolodi zaka ndi zaka, amaloweza, amakhoza, osatsegulapo pakamwa pamaso pa anthu. Tsiku lomuimika kutsogolo amachita chimene anazolowera, kuloweza. Madamuwa anatembenuza zinthu: uyambe wamvetsa m'chiyankhulo chako, usankhe mfundo zitatu, uzilembe pa kakhadi kokwana m'dzanja, mawu awiri kapena atatu pa mfundo iliyonse, kenako uyese m'Chingerezi kangapo, ulendo uliwonse mawu asiyaneko pang'ono. Sanalole mwana aliyense kunena chimodzimodzi kawiri.

Za nthawi anaziphunzitsa ndi masamu. Anauza ana kuti awerenge mawu a pa mapepala awo aja. A mwana wanga anakwana 1,100. Madamu anati munthu woyankhula modekha amanena mawu pafupifupi 130 pa mphindi, ndiye mphindi zisanu zimangonyamula mawu ngati 650. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake ankathamanga ngati akuthawa mvula polakatula kunyumba kuja. Panali mwana mmodzi wosunga nthawi, wokhala ndi mapepala atatu, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira, amene ankawakweza motsatana nthawi ikamatha. Madamu sanabise kuti njira imeneyi anaitenga ku Toastmasters, bungwe lophunzitsa anthu kuyankhula pagulu limene Ralph Smedley anayambitsa mu 1924 ku California. Ndinakonda chilungamo chimenecho.

Kuchokera komweko anatenganso zowerenga mawu opanda ntchito, aja a "eee", "ndiye kuti", "you know", "actually". Wina ankagwira chitini, woyankhula akangoti "eee" iye n'kuponyamo chitsekerero cha botolo, ngwee! Kwa ana ambiri zinathandiza, chifukwa sankadziwa n'komwe kuti amatero, ndipo anaphunzira kuti kukhala chete kamphindi kuli bwino kusiyana ndi kudzaza mpata ndi phokoso. Koma panali mnyamata wina wachibwibwi. Chitini chija chinalira mpaka mwana anagwetsa misozi. Chibwibwi si chizolowezi choipa choti n'kuchithamangitsa ndi chitini. Titaweruka ndinawatsatira. "Madamu, mwana uja sakuchita dala." Anakhala chete, kenako anati, "Mwanena zoona mayi, ndalakwitsa." Mwana wanga akuti kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo akaimirira chitini chinkaikidwa pansi. Komabe mphunzitsi wa zaka zambiri chonchija anayenera kuziona yekha.

Pa malonje anali okhwima. Tonse tikudziwa mmene timayambira kuno: wapampando, ahedi, achiwiri awo, aphunzitsi onse, mapulifekiti, mpaka "all protocols observed", mphindi imodzi ndi theka yapita nkhani isanayambe. Iwo anati ulemu upereke m'chiganizo chimodzi. Analetsanso kuyamba ndi kupepesa, zija zoti pepani sindinakonzekere bwino, chifukwa ukatero wauza anthu kuti asakumvere. Analetsanso kuyamba ndi tanthauzo la mu dikishonale. Mwana wanga poyamba ankatsegula ndi "Deforestation is defined as". Anamufunsa kuti, "Madzi amene anzakowa asamba m'mawa uno achokera kuti?" Anayankha kuti ku damu la Lunyangwa, ndipo madzi a damulo amasungidwa ndi nkhalango ya Kaning'ina. "Basi, yambira pamenepo. Aliyense muno wasamba."

Manambala nawo anawaphunzitsa bwino. Mwanayu anali atalemba kuti nkhalango ya Chikangawa, imene inadzalidwa mitengo ya paini, ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000. Madamu anafunsa kalasi yonse ngati pali amene akuona kukula kwake m'maso mwake. Panalibe. Anati bwalo la mpira silikwana n'komwe hekitala imodzi, ndiye unene kuti ndi mabwalo a mpira oposa 70,000, anthu aganize za bwalo la Mzuzu Stadium n'kuchulukitsa. Ana anati "haa!" onse pamodzi. Nambala imodzi yomveka chonchi, anatero, ikuposa khumi zongowerenga.

Tsopano pali nkhani ya maso, imene inandisowetsa mtendere sabata yathunthu. Mwanayu ndinamulera ine, ndipo ndine amene ndinamuphunzitsa kuti wamkulu akamayankhula nawe sumuyang'anitsitsa m'maso, umazyolika. Ndi mmene anandilerera amayi anga. Ndiye kumva madamu akuti "dzutsa nkhope, ndiyang'ane" kunandikhudza, ndinaganiza kuti ndalipira ndalama kuti mwana wanga aphunzire mwano. Ndinawafunsa. Yankho lawo ndimalikumbukirabe: "Mayi, kunyumba azizyolika ndithu. Koma akulu akamupatsa bwalo kuti ayankhule, eni akewo ndi amene apempha nkhope yake. Akaibisa wawamana chimene apempha." Anandionetsanso kuti munthu wozyolika mawu ake amagwera pansi, a kumbuyo samva kanthu. Sankauza ana kuti atong'ole maso pa munthu mmodzi ayi. Ankati usankhe anthu atatu, wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja chakumbuyo, umalize ganizo limodzi uli kwa mmodzi kenako usunthe. Atsikana ndi amene zinawavuta kwambiri, ndipo ndi amene anasintha kwambiri. Wanga mpaka lero amagwada popereka madzi kwa bambo ake, palibe chimene chachoka.

Holo ija ndi ya malata opanda siling'i, ndipo Mzuzu mukuidziwa, mawawa sayang'ana kalendala. Tsiku lina mvula ikuwaza padenga, madamu anakakhala pa benchi yomalizira n'kumakweza dzanja nthawi iliyonse imene sanamve. Palibe phunziro la mawu limene likanaposa limenelo. Za chinthenthe sanalonjeze kuti chidzatha. Anati nawonso mtima umagunda mpaka pano, chofunika n'kuponda pansi ndi mapazi onse awiri, kupuma mpweya kawiri mofatsa usanayambe, ndi kudziwa chiganizo choyamba bwinobwino. Maikolofoni anaigwira tsiku limodzi lokha, yobwereka ku tchalitchi komweko: pafupi ndi chibwano, osaiuzira, osaimenyamenya, ndipo mutu ukatembenuka nayo itembenuke.

Zodandaula zanga zazikulu ndi izi. Uthenga uja unati ana sadzapitirira 15. Tsiku loyamba ndinawerenga 34. Maola atatu kugawira ana 34, kuchotsapo nthawi yofotokoza ndi yopuma, ndiye kuti masiku ena mwana ankabwerera kunyumba osaimirirako. Kuyankhula sumaphunzira uli pa benchi. Anasakanizanso ana a Sitandade 7 ndi achinyamata atatu a ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) amene ankakonzekera kukateteza kafukufuku wawo pamaso pa aphunzitsi awo. Awa chimene ankafuna kwenikweni ndi kayankhidwe ka mafunso, koma nkhaniyi inangokhudzidwa mphindi zochepa tsiku limodzi: bwereza funso kuti onse alimve, ngati sukudziwa nena kuti sukudziwa. Malangizo abwino, koma sanayeserere. Mmodzi wa iwo anasiya kubwera sabata yachiwiri, ndipo sindikumuimba mlandu.

Pulojekita imene analonjeza inayaka kamodzi, ulendo wachiwiri magetsi anazima ndipo panalibe njira ina. Apa sindikudandaula kwambiri, chifukwa m'sukulu zathu zambiri mwana amagwiritsa ntchito tchati ndi bolodi, ndipo zimenezi anaziphunzitsa mokwanira: zilembo zazikulu zoti wa kumbuyo awerenge, mawu ochepa, uime pambali, uloze kenako utembenukire anthu, osayankhula ndi khoma. Koma chinthu ukalonjeza pa uthenga wolipiritsa chizikhalapo.

Ankajambulanso ana pa foni kuti adzione okha. Izi zinathandiza, wanga anadabwa kuona kuti amagwedezeka uku ndi uku ndiponso amakoka mkono wa juzi. Chimene sindinakonde n'choti mavidiyowo anaikidwa pa gulu la WhatsApp la makolo onse osatifunsa. Mwana akuphunzira, akulakwitsa, si woti foni iliyonse ya mu Mzuzu imusunge. Nditadandaula anafufuta, koma amene anatsitsa anali atatsitsa kale. Ndipo tsiku lomaliza tinauzidwa kuti satifiketi ndi K3,000 yapadera, zimene sizinanenedwe poyamba. Lisiti ya K30,000 ija ndinaipeza nditachita kuikumbutsa kawiri.

Tsiku lomalizalo makolo tinaitanidwa. Wanga anali wachisanu ndi chiwiri. Anapereka ulemu m'chiganizo chimodzi, anayamba ndi madzi a Lunyangwa, ndipo ndinaona bambo wina amene ankaseweretsa foni akuiika m'thumba. Pakati penipeni mfundo yachiwiri inamuthawa. Ndinaziona pankhope pake, mtima wanga unalumpha, ndinakumbukira nsima ija sanadye. Anaima chete, anayang'ana kakhadi m'dzanja, anadzutsa nkhope n'kupitiriza ndi Chikangawa. Pepala lachikasu litakwezedwa anayamba kumanga nkhani yake, lofiira silinamupeze. Mphindi zinayi ndi masekondi 40. Chingerezi chake chinali ndi zolakwika ziwiri kapena zitatu zimene papepala sakanalakwitsa, koma aliyense muholomo anamva chimene ankanena.

Ngati mwana wanu ali ku sekondale, nkhani amaidziwa koma akaima kutsogolo amauma pakamwa, mayiwa angamuthandize. Ngati ndi wa ku koleji wofuna kuyeserera mafunso, kapena ndi wachibwibwi, kambiranani nawo kaye musanalipire, ndipo mufunse chiwerengero cha ana, za mavidiyo ndi ndalama zonse zimene zidzafunike. Akuti mu Disembala adzachititsanso. Ndawauza kuti wamng'ono wanga wa Fomu 1 ndidzamulembetsa akanditsimikizira kuti ana sadzapitirira 15 ndiponso kuti a pulayimale adzakhala paokha. Mpaka pano sanandiyankhe.