Kapinga wa kikuyu ndi mtengo wa oki pabwalo limodzi: zimene ndaona patatha miyezi 14

Mu Okutobala chaka chatha ndinagula kapinga wa kikuyu wokwana masikweya mita 80, uja amamugulitsa atamusenda kale pamodzi ndi dothi lake n'kumupinda ngati mkeka, ndipo ndinamuyala kuseri kwa nyumba imene banja langa likukhala kum'mawa kwa Johannesburg. Patatha masabata 6 ndinalemba mawu omuyamikira. Ndinati anagwira msanga, ndinati mipata ya pakati pa zidutswa inatsekeka mwezi usanathe, ndiponso ndinanena mosakayika kuti mtengo waukulu wa oki umene uli pakona ya bwalolo sudzamuvutitsa chifukwa umayoyola masamba. Tsopano nyengo zonse zadutsa, ndipo mfundo ziwiri zoyambazo sindinazisinthe, koma yachitatuyo ndiyenera kuibweza.

Chimene chinandisokeretsa ndi msangu. Aliyense amene anakulira kumadera a kunyanja kapena kuchigwa cha Shire amadziwa kuti chimanga chimachita bwino pansi pa msangu, pakuti mtengowo umathothola masamba mvula ikamayamba, n'kuvalanso m'chilimwe anthu atakolola kale. Nditamva kuti oki nayenso amakhala wopanda masamba kwa miyezi ingapo, ndinangoti ndi chimodzimodzi, osafunsa kuti miyezi yakeyo ndi iti. Oki wathuyu ndi wa mtundu wa Quercus robur, wochokera ku Ulaya, wachibale wa mtengo umene omasulira Baibulo anautcha thundu. Atsamunda achidatchi ndiwo anayamba kumubzala ku Cape, moti tauni ya Stellenbosch, imene inakhazikitsidwa mu 1679, mpaka lero imatchedwa Eikestad, kutanthauza mzinda wa mitengo ya oki. Mtengo umenewu sutsata mvula monga msangu, umatsata kuzizira ndi kutalika kwa tsiku. Kuno umayoyola mu Meyi ndi Juni, umakhala mbulanda mu Julayi, ndipo pofika Seputembala umakhala utaphukira masamba anthete obiriwira mowala, mvula isanagwe n'komwe.

Kikuyu naye, amene kwawo ndi kumapiri a kum'mawa kwa Africa ndipo dzina lake linachokera kwa Akikuyu a ku Kenya, ndi udzu wa nyengo yotentha. Kapangidwe kake ka chakudya m'masamba n'kofanana ndi ka chimanga, mapira ndi nzimbe, kamene kamafuna dzuwa lamphamvu ndi kutentha. Zotsatira zake n'zakuti awiriwa amadzuka pamodzi ndipo amagonanso pamodzi. M'miyezi imene kapinga ali ndi njala ya dzuwa, oki amakhala atafunyulula mthunzi wake wonse. M'miyezi imene oki wavula ndipo dzuwa likufika pansi, kapinga amakhala atauma ndi chisanu, sangapindule nalo. Kusiyana kwa msangu ndi oki kuli pomwepa, ndipo ndikanakhala kuti ndinakuganizira ndisanagule, masikweya mita 25 mwa 80 aja sindikanawalipira.

Zizindikiro zinayamba mu Januwale. Kumene kumawomba dzuwa tsiku lonse kapinga anali wothithikana ngati bulangete, wofuna kutchetcha sabata iliyonse, nthawi zina kawiri mvula ikachuluka. Pansi pa mtengo anayamba kutalika monyozoloka, masamba ake ali otuwa ndi otalikirana, ndipo ndikapalasa ndi zala ndinkafika pa dothi popanda chondigwira. Malire a mbali ziwirizi ankaoneka ngati munthu wachita kukoka chingwe, ndipo ankatsata ndendende pamene mthunzi umathera masana. Nditawerengera Loweruka lina ndinapeza kuti pamene dzuwa limafika maola 6 kapena kuposa kapinga anali bwino, pamene limafika maola 3 anali kutha.

Apa m'pamene ndinalakwitsa kachiwiri, chifukwa ndinayesa kuchiza mthunzi ndi feteleza ndi madzi. Ndinathira feteleza wotchedwa LAN pansi pa mtengo, ndinaika chothirira chozungulira pafupi ndi tsinde, n'kumachitsegula madzulo alionse ikakwana 6 koloko, popeza malamulo a madzi mumzinda muno saloleza kuthirira m'munda masana m'miyezi yotentha. Kapinga anabiriwira masabata awiri, kenako anagwa n'kuyamba kuola m'munsi. Ambiri timaganiza kuti mtengo waukulu umamwa madzi akuya ndipo udzu umamwa apamwamba, koma mizu ing'onoing'ono imene oki amadyera ili m'dothi lapamwamba lomwelo, ndipo imayala kupitirira pamene nthambi zathera. Nditakumba ndi fosholo mamita 7 kuchokera patsinde ndinaipeza italukanalukana ndi mizu ya kapinga, moti fetelezayo ankadyera limodzi, ndipo wamkulu ndiye ankatenga gawo lalikulu.

Za zinyalala sindichedwapo. Kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Epulo timbewu ta oki tinkagwa usana ndi usiku, tikugogoda padenga la galaja, ndipo makina otchetchera akatipeza ankatiponya ngati miyala ya legeni, choncho ndinazolowera kuyamba ndasesa. Masamba a mu Juni ndi olimba, amachedwa kuola, ndipo akasiyidwa atanyowa pa kapinga amamuphimba. Ndinadzaza matumba osawerengeka ndisanazindikire kuti kuwagaya ndi makina omwewo n'kuwaunjika pakona kumapereka manyowa abwino.

Chimene ndaphunzira mozama kwambiri ndi kusiyana kwa mmene awiriwa amapiririra nkhanza za mwini bwalo. Udzu umakulira m'munsi, pafupi ndi dothi, n'chifukwa chake ukaudula pamwamba umangophukanso, ndipo kikuyu ali ndi mphukira zoyanga pamwamba ndi zina zoyenda pansi pa nthaka, zimene zimatseka bala lililonse. Mu Julayi chisanu cha ku Highveld, dera lokwera kumene tili mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, chinamuwotcha n'kukhala wofiirira ngati udzu wofolerera nyumba, ndipo mwana wanga anandifunsa kuti, "Bambo, kodi ndalama zija zapita?" Mu Ogasiti ndinamumeta mpala mpaka dothi kuonekera, ndinapalasa zouma zonse, ndinawaza dothi losakaniza ndi manyowa, ndipo mvula yoyamba ya mu Okutobala itagwa panali pobiriwira ngati sipanachitike kanthu. Mtengo sutero. Moyo wake uli m'kachikopa kopyapyala kamene kali pansi pa khungwa, ndipo bala la pamenepo silibwerera mwakale. Mtengo umangolitchinga m'kati n'kumalikuta pang'onopang'ono kwa zaka.

Izi anandionetsa ndi katswiri wa mitengo amene ndinamuitana mu Seputembala kuti adule nthambi youma imene inalendewera pamwamba pa waya wa magetsi. Asanayang'ane n'kumwamba komwe anagwada patsinde n'kundilozera muzu waukulu wotumphuka pansi, umene mpeni wa makina anga unausenda katatu kapena kanayi. Balalo linali lalikulu ngati chikhatho, lakuda m'mbali, ndipo ine ndinali ndisanalionepo chifukwa maso anga onse anali pa udzu. Anandiuzanso kuti ndichotse dothi limene ndinaunjika mozungulira tsinde mu Ogasiti ndi kusiya kunyowetsa khungwa madzulo, popeza zonse ziwiri zimaoletsa mtengo m'munsi, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka kunsonga patapita zaka, munthu ataiwala kale chimene anachita.

Anatenganso nthawi kufufuza khungwa ndi tochi, akufuna timabowo tating'ono ngati nsonga ya bolopeni ndi utuchi wosalala. N'zizindikiro za kachilombo koboola mitengo kotchedwa polyphagous shot hole borer, kochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kamene kanapezeka koyamba m'dziko muno mu 2017 ku Pietermaritzburg ndipo kenaka kanafalikira mu Johannesburg. Kachilomboka n'kochepa ngati nthangala ya chitowe, koma kamalowetsa mu mtengo chuku cha mtundu wa Fusarium chimene chimatseka njira za madzi, ndipo oki wa ku Ulaya ali m'gulu la mitengo imene ikufa nako kwambiri. Wathuyu sanamupeze nako. Komabe ndinaima pamenepo ndikuwerengera kuti kapinga yense wa pabwalo atafa lero ndingamubwezeretse Loweruka limodzi, pamene mtengo umene anthu awiri sangaukumbatire sungabwezeretsedwe ine ndi ana anga tili moyo.

Mu Okutobala uno ndinachotsa kikuyu yense wa mumthunzi. Mozungulira tsinde, mamita awiri mbali zonse, ndinayala masamba ogaya aja mokhuthala masentimita 8, ndikusiya khungwa lenilenilo poyera kuti lizipuma. Kuchokera pamenepo mpaka pamene dzuwa limayambira ndinabzala kapinga wa LM, amene dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, Maputo wa masiku ano. Ameneyu amapirira mthunzi wapakatikati, koma amayanga pamwamba pokha, safuna kumetedwa mwafupi, ndiponso sapirira kupondedwa ngati kikuyu, moti ana ndawaletsa kuchitira mpira mbali imeneyo. Pa miyezi iwiri imene wakhalapo watseka pafupifupi theka la malowo, ndipo chisanu sanakumane nacho, choncho sindithamangiranso kumuyamikira monga ndinachitira chaka chatha.

Kwa amene ali ndi bwalo lowomba dzuwa ndi ana othamanga, kikuyu ndimuvomereza, malinga akhale okonzeka kutchetcha kawirikawiri ndi kudula m'mphepete, chifukwa wanga walowa kale m'bedi la masamba a mpiru ndipo wadutsa pansi pa mpanda kupita kwa aneba. Kwa amene ali ndi oki pabwalo, ndikulangiza kuti akayese mthunzi mu Disembala mtengo utavala, osati mu Julayi, ndipo kikuyu amuyale kuyambira pamene mthunzi wa masana wathera.