Kapeti waubweya patatha miyezi 18: masitepe ali bwino, pansi pa sofa ndi pomwe padyeka

Kapeti amene tikumuunika pano anayalidwa m'nyumba ya mdadada kumpoto kwa England, momwe mukukhala anthu asanu, awiri mwa iwo ana. Ndi wa mtundu umene mashopu a ku Britain amalemba 80/20 twist: magawo 80 ndi ubweya wa nkhosa, 20 ndi nayiloni, ndipo ulusi wake ndi wopotedwa kenako n'kudulidwa pamwamba. Kulemera kwa ulusi wake ndi maaunsi 50 (50oz) pa sikweya yadi imodzi, mtundu wake waphulusa wokhala ndi timadontho tabulauni. Ali pamasitepe 13, pakolido ya m'mwamba, pabalaza ndi kuchipinda chachikulu. Zipinda za ana zinaikidwa wa polypropylene, wa ulusi wa pulasitiki wotchipa uja, tsiku lomwelo, ndiye pali poyerekezera.

Ubweya suopa phazi. Mkombero wa sitepe, pamene aliyense amatsetsereka ndi chidendene potsika, ndiwo malo oyamba kuphwathalala pa kapeti aliyense. Pa uyu, sitepe yachitatu kuchokera pansi yangoderapo pang'ono, koma mukapitsapo chala ulusi ukudzuka. Pakhomo la chipinda cha ana, pomwe makapeti awiriwa akumana pansi pa kachitsulo ka pakhomo, kusiyana kukuonekera patali: wa polypropylene wagona, wayamba kunyezimira ngati mutu wa dazi, ndipo huva sakumudzutsa. Chifukwa chake n'chakuti tsitsi la nkhosa ndi lopiringizika mwachibadwa, likapindidwa limabwerera, pamene pulasitiki akaphwanyika waphwanyika. Nayiloni wa 20 uja ntchito yake ndi kulimbitsa kuti ubweya usaperepeseke msanga. Ubweya wa nkhosa za m'mapiri a ku Britain, monga Swaledale ndi Scottish Blackface, ndi wokhakhala komanso wolimba, pomwe wa ku New Zealand ndi woyera kwambiri, n'chifukwa chake makapeti amitundu yowala amakonda kupangidwa ndi umenewo.

Koma theka la kulimba kumeneku ndi la chimene chili pansi. Pamasitepe panaikidwa underlay, choyala cha pansi pa kapeti, yolimba ya labala, yosapitirira mamilimita 9, ndipo oyala anaonetsetsa kuti ulusi waweramira kumunsi, kotsikira. Pabalaza panaikidwa ya thovu ya mamilimita 11, yofewa pansi pa phazi, koma miyendo ya sofa yaboolamo maenje akuya. Maenjewo ali ndi mankhwala ake: ikani kachibenthu ka ayezi m'dzenjemo, kasungunuke, pukutani ndi thaulo, kenako dzutsani ulusi ndi msonga ya supuni. Pofika m'mawa paubweya dzenje limakhala litafafanizika. Amene nyumba yawo ili ndi hita ya pansi pa simenti afunse nambala yotchedwa tog, yosonyeza mmene chinthu chimatchingira kutentha, chifukwa kapeti ndi underlay zikaphatikizidwa zisapitirire 2.5, apo ayi kutentha kumathera pansi pomwepo.

Miyezi itatu kapena inayi yoyamba inali ya ubweya wothothoka. Huva ankadzaza ndi thonje laphulusa sabata iliyonse, mwana wokwawa ankadzuka nalo m'mawondo. Ambiri amathamangira kushopu kukadandaula panthawi imeneyi, koma si vuto. Ulusi wa ubweya amaupota kuchokera ku tizidutswa tatifupitifupi, ndipo pometa pamwamba pa kapeti kufakitale tina timatsala tosagwira. N'timeneto timatuluka. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi zinali zitaleka.

Tsopano kumene kwapweteka.

Pamwezi wa 14 sofa itasunthidwa, m'mphepete mwa khoma munapezeka malo atatu, lililonse kukula ngati chikhatho, pomwe ubweya unatha mpaka chiguduli chapansi kuonekera. Pozungulira panali timchenga tofanana mtundu ndi kapetiyo komanso tiulusi tonga utatavu wa kangaude. Ndi njenjete. Kagulugufe kagolide kamene mumakaona kakuyenda pakhoma madzulo sikadya kanthu, kalibe n'komwe pakamwa podyera. Zimadya ndi mphutsi zake, zoyera, zooneka ngati njere ya mpunga, ndipo chakudya chake ndi keratin, chinthu chomwe chimapanga ubweya, tsitsi ndi zikhadabo. Mazira amaswa pasanathe masiku khumi kukakhala kofunda, ndipo m'nyumba ya hita kumakhala kofunda chaka chonse. Zimakonda mdima, pomwe sipapondedwa, makamaka pamene pagwera nyenyeswa za chakudya kapena thukuta. N'chifukwa chake masitepe, omwe amapondedwa kambirimbiri patsiku, sanakhudzidwe n'pang'ono pomwe.

Ogulitsa amanena kuti kapeti anathiridwa kale mankhwala a njenjete kufakitale, ndipo n'zoona kwa ambiri, koma mankhwalawo amagwira mphutsi ikayamba kudya, ndipo amachepa mphamvu kapeti akamachapidwa. Chimene chimateteza kwenikweni ndi huva. Kamodzi pamwezi sofa, bedi ndi wodilopu zisunthidwe, ndipo m'mphepete monse mwa khoma mupitemo ndi kakamwa kosongoka ka huva, chifukwa mutu waukulu uja sufika m'kangalande ka pakati pa kapeti ndi thabwa la khoma. Zinyalala za m'huva zitayidwe kunja tsiku lomwelo. Njenjete zikapezeka kale, popani mankhwala a permethrin pamalopo ndi mita imodzi kuzungulira, mubwereze pakatha milungu iwiri kapena itatu kuti mugwire zoswa mochedwa. Chenjerani ngati muli ndi mphaka: permethrin amapha amphaka, asalowe m'chipindamo mpaka pataumiratu. Timisampha tomata togulitsidwa m'mashopu timakoka zazimuna zokha. Ndi tabwino pokudziwitsani kuti alendo afika, osati powathamangitsa.

Pomwe padyeka sipameranso. Chothandiza n'chakuti zidutswa zotsala tsiku loyala zinasungidwa, ndiye woyala anadula pamalopo n'kuika chigamba, ndipo timadontho tabulauni tija tabisa msoko. Pa kapeti wa mtundu umodzi wosalala chigamba chikanaonekera.

Vuto lachiwiri ndi chakudya, makamaka chakudya chathu. Nsima ikagwa musaipukute ili yonyowa, mumangoilowetsa mkati. Isiyeni iume, muipale ndi mpeni wobuntha, huva amalize. Tiyi, mkaka ndi msuzi wa tomato zimachoka ngati mwachita changu, popeza ubweya sumwa madzi nthawi yomweyo, amayamba ayandama kaye pamwamba. Tengani thaulo loyera, dindani, osatikita, kuyambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati. Kenako sakanizani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wochapira zaubweya ndi supuni yaing'ono imodzi ya viniga woyera mu lita imodzi ya madzi ofunda, nyowetsani nsalu, dindaninso, mutsukuluze ndi madzi okha. Pomaliza ikani mathaulo ouma, mutsindire ndi mabuku olemera usiku wonse. Magazi ndi dzira zimafuna madzi ozizira. Otentha amaziphika n'kuzimatirira.

Chimene chakanika ndi curry. Pafupi ndi tebulo pali banga lachikasu, kukula ngati ndalama yachitsulo, la msuzi wa nkhuku wothira turmeric. Lazilala koma silinachoke, chifukwa turmeric ndi utoto weniweni ndipo ubweya umagwira utoto bwino koposa. Apa ndi pamene dzanja limathamangira ku botolo la Jik kapena bulichi wina aliyense. Musayerekeze. Bulichi amasungunula ubweya, amasiya chibowo. Sopo waufa wolembedwa biological nayenso ali ndi zinthu zogaya mapuloteni, ndipo ubweya ndi puloteni. Mankhwala ochotsera mabanga akhale okhala ndi chizindikiro cha WoolSafe. Pamenepa wa polypropylene wapambana poyera: madzi sawamwa, utoto suumugwira, ndipo bulichi wosungunula ndi madzi samuononga. Chipinda chodyera, kapena pabalaza pomwe ana amadyera pansi akuonera TV, ubweya si malo ake.

Kuchapa kwa makina opopera madzi n'kuwayamwanso kunachitika kamodzi, pamwezi wa 12. Nyumba inanunkha nkhosa yonyowa kwa tsiku lathunthu, fungo lomwe limatha pokhapokha pakauma. Choopsa ndi kunyowetsa kwambiri. Madzi akafika pachiguduli chapansi, chimatulutsa utoto wabulauni womwe umakwera pamwamba, ndipo kapeti amatha kufupika n'kuchoka patimisomali ta m'mphepete. Popani kamodzi, yamwani kawiri kapena katatu, tsegulani mawindo. Akapitirira maola 24 asanaume, chuku chayandikira.

Zabwino zina n'zosachita kufotokoza zambiri. Phokoso la mapazi pamasitepe latsika, zomwe zili ndi phindu m'nyumba zogawana khoma ndi aneba. Simbi yotentha inagwapo kuchipinda chachikulu. Inangowaula nsonga za ulusi, zomwe zinapalidwa ndi lumo. Ubweya umapserera n'kuzima wokha, pomwe polypropylene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 160 n'kusiya chipsera cholimba cha mawonekedwe a simbiyo. Fumbi nalo silionekera msanga, ngakhale izi zimanyenga: mchenga umatsikira pansi n'kumadula ulusi mwakachetechete, choncho huva kawiri pasabata ndi mphasa pakhomo n'zosathawika. Pa twist gwiritsani mutu wa bulashi yozungulira. Pa kapeti wa ulusi wosadula, wa timalupu, zimitsani bulashiyo chifukwa imakoka ulusi n'kuuchititsa manyunyu.

Kwa amene akumanga kumudzi, ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndipo akuganiza zotumiza kapeti wotereyu m'kontena, nkhani ndi ina. Simenti yopanda pulasitiki pansi imatulutsa chinyezi nthawi ya dzinja, ubweya umatha kumwa madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake osamveka kunyowa, ndipo chiswe chimadya chiguduli chapansicho. Onjezanipo fumbi lofiira la mu Okutobala. Kumeneko ndi bwino matailosi kapena simenti yopolisha, n'kuyalapo kapeti waubweya wosakhomerera, woti Loweruka mutha kumupinda, kukamukuntha pachingwe ndi kumuyanika chadodolido.

Mtengo wa 80/20 unali woposa kawiri wa polypropylene. Pamasitepe ndi pakolido ndalamayo yabwerera, moti wina atati ayalenso lero, asasinthe kanthu. Kuchipinda chachikulu, komwe theka la kapeti lili pansi pa bedi ndi wodilopu, ndalama yambiri yagona mumdima momwe njenjete zimakonda, ndipo wotchipa akanakwanira.