Arclight pa sikelo: katochi koyezera maso a makanda

Arclight ndi kachipangizo koyezera maso, kokula ngati cholembera chonenepa, kolemera pafupifupi magalamu 18. Kanakonzedwa mogwirizana ndi yunivesite ya St Andrews ku Scotland kuti kazigwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono momwe makina odula sapezeka. Kali ndi getsi la LED, kabowo kosuzumirapo, kagalasi kokulitsira poona zikope ndi kunja kwa diso, ndi kamphuno kovekapo ukafuna kuona m'khutu. Kamatchajidwa ndi dzuwa kudzera pa kasola ka pamsana pake, kapena ndi chingwe cha USB. Mababu opsa ndi mabatire ogula, amene amagonetsa makina akale m'madirowa, pano si nkhani.

Kwa anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo kuno ku Dedza, phindu lake lenileni lili pa ntchito imodzi: kuona kuwala kobwerera kuchokera m'kati mwa diso la khanda. Kuwala kumalowa pa mboni ya diso, kudutsa m'galasi la m'diso, kukagunda retina, kachikopa kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, n'kubwerera. Chilichonse chotchinga njirayi chimaonekera pomwepo.

Chotchingacho chimachokera kuti mwa mwana wongobadwa kumene? Zambiri zinadziwika pofufuza ana a mbewa, amene amabadwa maso ali otseka n'kuwatsegula pakatha pafupifupi masabata awiri. Galasi la m'diso limalola kuwala kudutsa bwinobwino chifukwa maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) a pakati pake amaphwanya ndi kuchotsa tiziwalo tawo tam'kati, kuphatikizapo phata la selo. Maselo alinso ndi njira yodyera zinyalala zawo n'kugwiritsanso ntchito zotsalazo, yotchedwa autophagy, imene Yoshinori Ohsumi analandirira mphoto ya Nobel mu 2016. Chodabwitsa n'chakuti ofufuza atachotsa jini (malangizo a chibadwa a m'maselo) ya Atg5, yofunika pa njirayi, m'galasi la diso la mbewa, tiziwalo tija tinachokabe, koma ng'ala inadza mbewazo zikukula, zinyalala zitaunjikana. Mwa anthu, jini ya FYCO1, yothandiza kunyamula timatumba ta zinyalala za m'maselo, ikawonongeka mwana amabadwa ndi ng'ala m'maso onse. Palinso timitsempha ta magazi todyetsa galasi likamapangika: mwa mbewa timafota m'masabata oyamba zitabadwa, mwa munthu timayenera kutha mwana adakali m'mimba. Tikatsala, mboni imayera. Matenda a rubella, ofanana ndi chikuku, akagwira mayi ali woyembekezera amabweretsanso ng'ala, n'chifukwa chake katemera wa chikuku ndi rubella, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2017, ndi nkhani ya maso.

Kayezedwe kake nkosavuta, koma kamafuna dongosolo. Chipinda chikhale cha mdima pang'ono kuti mboni zitseguke. Kutseka zenera ndi chitenje kumakwanira. Mayi akhale pansi, mwana ali pamiyendo kapena atamuimika paphewa. Osakanula zikope ndi zala, mwana amangofinya maso n'kuyamba kulira. Kumuyamwitsa kapena kumugwedeza pang'ono kumatsegula maso okha. Yatsani getsi pa mphamvu yochepa, ikani kachipangizo pafupi kwambiri ndi diso lanu, muime patali ngati kutalika kwa mkono, muunike maso onse awiri nthawi imodzi. Mukatero yandikirani, muone diso lililonse palokha. Chofunika ndi kufanana: mtundu umodzi, kuwala kofanana, popanda kadontho kakuda.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mabuku amati kuwalako n'kofiira, koma mwa makanda athu akhungu lakuda nthawi zambiri kumaoneka kotuwirako, kwachikasu kapena kwa mtundu wa lalanje, chifukwa kumbuyo kwa diso kuli utoto wambiri. Wosazolowera amatumiza ana abwinobwino ku chipatala chachikulu, makolo n'kuwononga ndalama ya thiransipoti, kapena amafika pozolowera kutuwako mpaka kuphonya ng'ala yeniyeni. Njira yopewera zimenezi ndi kuyerekeza: yezani mayi ake kaye, kenako mwana, ndipo muziyeza ana ambiri athanzi kuti diso lanu lidziwe chabwino. Kuwala koyera ngati choko, diso limodzi lakuda bii, kapena maso awiri osiyana, zonsezi n'zotumiza msanga.

Msanga wake ndi wa masiku, osati kudikira sikelo ya mwezi wamawa. Ng'ala yobadwa nayo ya diso limodzi imafunika opaleshoni mwana ali ndi masabata pafupifupi 6, apo ayi ubongo umasiya kugwiritsa ntchito disolo. Mboni yoyera ikhozanso kukhala khansa ya retina, yomwe imapha ikachedwa. Kalata ipite ku chipatala cha boma cha Dedza, kumene angatumize mwanayo kwa madokotala a maso ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Lions Sight First ku Blantyre. Kuthira mkaka wa m'mawere kapena mankhwala a zitsamba m'diso lotere kumangotayitsa nthawi.

Zofooka zilipo. Kasola n'kakang'ono, ndipo mu June ndi July, nkhungu ikakuta phiri la Dedza ndi Bembeke, kudalira dzuwa lokha n'kudzinamiza. Chingwe cha USB chizikhala pafupi, ndipo tsiku la sikelo ya kumudzi muzikatchajiratu usiku. Magalasi osinthira pa kabowo ndi ochepa poyerekeza ndi makina akuluakulu, choncho woyeza wovala mandala asavule. Kuona mtsempha wa kumbuyo kwa diso mboni isanatsegulidwe ndi mankhwala n'kovuta, ndipo amene akufuna kuyezera kachipangizoka maso a odwala shuga bwinobwino asayembekezere zambiri. Kuchepa kwake nako kuli ndi vuto: kamasowa mosavuta, ndipo fumbi ndi mafuta a zala zikakhala pa kabowo, kuwala kumaoneka kwa mbuu ngati kuti mwana ali ndi ng'ala. Pukutani ndi kansalu kofewa musanayambe, ndipo kazikhala pa chingwe cha m'khosi.

Kwa chipatala ngati cha Lobi, Mayani kapena Mtakataka, kamodzi ku chipinda cha amayi oyembekezera ndi kena ku sikelo n'kokwanira, bola amene akagwiritse ntchito ayambe aphunzitsidwa ndi wogwira ntchito za maso, mwana weniweni ali pamiyendo pa mayi ake.