Miyezi 7 pa Netflix: zoyenera kuonera ndi zomwe zinangondidyera bandulo

Ndinalembetsa Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, chifukwa cha filimu imodzi yokha, ndipo maganizo anga anali oti mwezi ukatha ndisiye. Lero miyezi yakwana 7 ndikulipirabe. Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4, ndipo ndifotokoza komwe inayo yapita.

Filimu yake ndi The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, yofotokoza za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ake. Anzanga ambiri anaionera kalekale pa ma flash opatsirana aja, chithunzi chake chosaoneka bwino, mawu akutsogola anthu akutsalira. Ine ndinkafuna kuionera bwinobwino, komanso ndili ndi amayi, omwe anabwera kudzakhala nafe kuno ku Lilongwe kuchokera kumudzi ku Dowa.

Tinaiyatsa Loweruka titadya nsima. Mphindi zoyambirira zinali zoseka zokhazokha. Chiwetel Ejiofor, yemwe anaitsogolera filimuyi komanso kusewera ngati bambo ake a William, anabadwira ku London ndipo makolo ake ndi a ku Nigeria. Chichewa anachita kuphunzira chifukwa cha ntchitoyi, ndipo chimamveka kuti n'chophunzira. Mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Amayi anatchera khutu kenako n'kundifunsa kuti, "Kodi bambowa akulankhula chiyankhulo chanji?" Nditawauza kuti Chichewa, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Pakamalankhula Lily Banda, yemwe ndi wathu konkuno ndipo anasewera ngati mchemwali wake wa William, amayi ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, uyu ndiye mwana wa munthu."

Kuseka kunatha njala itayamba. Filimuyi ikuonetsa chaka cha 2001 kulowa 2002, mvula itakokolola mbewu kenako n'kudula, nkhokwe zili mbee. Pali malo pomwe banja likukambirana kuti popeza azidya kamodzi patsiku, asankhe kuti kamodziko kakhale nthawi yanji. Pali pomwe anthu akukanganirana pakhomo la depoti yogulitsira chimanga. Amayi anangoti zii. Ndinaimitsa filimu ndikuganiza kuti mwina atopa, koma anati, "Siya ipitirire, mwanawe." Itatha anayamba kundiuza zomwe sanandiuzepo zaka zonsezi: mmene ankayendera mtunda kukagwira ganyu yolipidwa madeya, mmene ufa unkagulidwira m'timapepala tating'ono tija tinkatchedwa walkman, ndi mayina a anthu a m'mudzi mwathu omwe sanafike pa nthawi yokolola. Ine nthawi imeneyo ndinali mwana wa ku pulaimale, ndinkangodziwa kuti phala lachepa.

Chifukwa cha usiku umenewo wokha, ndalama ya mwezi woyamba sindiidandaula. Filimuyi anaijambulira ku Kasungu komweko, ndiye nthaka yofiira, nyumba za njerwa zosawotcha, zigafa za fodya ndi gule wamkulu pamaliro, zonse n'zathu. Chichewa chopindika chija munthu umachizolowera pakatha theka la ola. Chomwe sindinakonde n'chakuti kupanga kwa makina enieniwo akuthamangitsa kumapeto, pomwe ndi pamene ana a sukulu akanaphunzirapo zambiri. Ngati muli ndi mwana wokonda galu, muchenjezeni pasadakhale za Khamba, galu wa William.

Ya chiwiri yomwe ndingauze aliyense kuti aonere ndi Can You See Us?, ya ku Zambia, yomwe inafika pa Netflix mu 2023. Anaitsogolera ndi Kenny Mumba, ndipo nkhani yake anaitenga pa moyo wa woimba John Chiti. Ndi ya mwana wachialubino yemwe bambo ake anamukana atangobadwa. Kwa ife kuno, komwe tamva kambirimbiri za abale athu achialubino kubedwa, kuphedwa ngakhale kufukulidwa m'manda chifukwa cha zikhulupiriro zopanda mutu, filimuyi si yongosangalatsa. Ili ndi zofooka zake. Nyimbo zomvetsa chisoni zimachuluka ngati akukukakamiza kulira, ndipo chigawo chomaliza chimayenda mothamanga. Koma mwana yemwe anasewera ali wamng'ono uja amakugwira mtima osanena zambiri. Mwana wanga wa sitandade 6 anafunsa mafunso sabata yonse, ndipo ena anandisowetsa poyankha.

Tsopano ma documentary, mafilimu a nkhani zenizeni, omwe ndi amene andisunga miyezi yonseyi.

My Octopus Teacher ndinaikana kawiri. Ndinkati mzungu kusambira ndi chinyama cha miyendo 8 kwa ola ndi theka, ine zikundikhudza pati? Ndinaiyatsa tsiku lina magetsi atathima, popeza inali yokhayo yotsala mufoni. Craig Foster ankalowa m'madzi ozizira a pafupi ndi Cape Town tsiku lililonse kwa pafupifupi chaka, opanda thanki ya mpweya, kukaona octopus imodzi yomweyo m'nkhalango ya zomera za pansi pa nyanja. Umaona kanyamako kakudziphimba ndi zigoba kuti shaki isakazindikire, kakudulidwa mwendo umodzi, mwendowo n'kumeranso pang'onopang'ono. Inapambana mphotho ya mafilimu ya Oscar mu 2021. Bamboyo nthawi zina amalankhula za iye mwini mopitirira muyeso, koma zithunzi zake n'zoti ukaona umaiwala kuti batire latsala 12 peresenti.

Our Planet, ya 2019, ili ndi zigawo 8 ndipo wofotokoza ndi David Attenborough. Iyi ndi ya banja lonse, ngakhale amayi omwe Chingerezi sachimva amaitsatira bwinobwino, chifukwa nyama sizifuna womasulira. Chigawo cha madzi opanda mchere chili ndi tinsomba ta m'nyanja ya Tanganyika, abale ake a mbuna zathu, tikuberana zigoba za nkhono kuti tikope zazikazi. Amayi anati khalidwe limeneli analionapo kwa anthu ena a kumudzi, sanatchule mayina. Chigawo cha kumalo oundana chili ndi malo owawa kuonera, pomwe nyama zikuluzikulu zotchedwa walrus zikugwa kuchokera pamwamba pa matanthwe ku Russia chifukwa madzi oundana omwe zinkapumirapo anasungunuka. Ndinene chilungamo apa, zigawo za Our Planet anaziikanso pa YouTube mwaulere mu 2020, ndiye ngati mukufuna iyi yokha musavutike n'kulembetsa.

Virunga, ya 2014, ndiye yomwe ndinaionera mtima uli m'mwamba. Ndi ya asilikali oteteza nyama m'paki ya Virunga kum'mawa kwa Congo, paki yakale kwambiri mu Africa muno, yomwe inakhazikitsidwa mu 1925. Ojambula anapita kukajambula ntchito yoteteza pakiyo, momwe muli anyani akuluakulu a m'mapiri otchedwa gorilla, koma nkhondo ya zigawenga za M23 inawapeza ali komweko mu 2012, ndiponso panali kampani ya ku Britain yomwe inkafuna kufufuza mafuta m'pakimo. André Bauma, wosamalira ana amasiye a anyaniwo, amasewera nawo ngati ana ake obereka, ndipo mfuti zitayamba kulira sanawathawe. Aliyense amene anamvapo mkangano wa zofuna kukumba mafuta m'nyanja yathu aionere iyi. Ana aang'ono ayi.

The Tinder Swindler, ya 2022, ndi yoonera ndi anzanu, chifukwa mudzakangana. Mnyamata wa ku Israel wodzitcha Simon Leviev ankanamiza akazi a ku Ulaya kuti ndi mwana wa mpondamatiki wa miyala ya dayamondi. Ankawakweza ndege yapayekha, kenako n'kuwaimbira kuti adani ake akumusaka, amutumizire ndalama msanga. Ndalama za mkazi uyu ndi zomwe ankasangalatsira mkazi wotsatira. Akazi anga ankangoti, "Koma azimayi amenewa analodzedwa?" Ndinawakumbutsa kuti chaka chatha iwo omwe anatsala pang'ono kutumiza ndalama kwa munthu wa uthenga uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", poganiza kuti ndi alandilodi. Nkhani inathera pomwepo.

Za mpira ndidutsapo msanga. Beckham, ya zigawo 4, yonena za katswiri wa mpira David Beckham, ndi yabwino makamaka pomwe akufotokoza mmene dziko lonse la England linamudera atapatsidwa khadi yofiira posewera ndi Argentina mu 1998, koma zikuonekeratu kuti mwini nkhani anali ndi dzanja pa zomwe zinenedwe. Ya Senzo Meyiwa, goloboyi wa Orlando Pirates ndi Bafana Bafana yemwe anawomberedwa ku Vosloorus mu 2014, ili ndi zigawo 5 pomwe nkhani yake ikanakwana m'zigawo 2. Umamaliza uli ndi mafunso omwewo omwe unayamba nawo, bandulo itapita.

Ndafika pa bandulo, pomwe pagona nkhani kwa ambiri a ife. Sabata yoyamba ndinapsa. Ndinayatsa pa TV osasintha kalikonse, ndipo bandulo yomwe imandikwanira mwezi inatha m'masiku 4. Vuto linali langa, sindinawerenge. Chithunzi chowala kwambiri cha HD chimatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi, chapakati pafupifupi 1GB kapena kucheperapo, pomwe chotsikitsitsa chimadya pafupifupi 0.3GB. Pafoni pali posankha kuti isunge data, ndipo mukatero 1GB imakufikitsani maola ngati 6. Pa sikirini ya foni kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, kupatula pa mafilimu a nyama aja, omwe amafunadi chithunzi chabwino.

Chomwe chinandipulumutsa ndi kudawuniloda. Ndimagula bandulo ya usiku yotsika mtengo, kapena ndikapezeka pomwe pali Wi-Fi, n'kutsitsiratu mafilimu atatu kapena anayi. Ndikatero netiweki ivute, magetsi athime, ine ndilibe nazo kanthu bola foni ili ndi moto. Paulendo wa basi wopita ku Mzuzu ndinamaliza zigawo zitatu mnzanga wa pampando akusuzumira, mpaka ndinamubwereka mbali imodzi ya mahedifoni. Dziwani kuti zina zomwe mwatsitsa zimakhala ndi masiku ake, zikapitirira muyenera kulumikizanso intaneti. Ndiponso muzisankhiratu chomwe mukufuna musanatsegule. Kungoyendayenda m'ndandanda muja, tizithunzi tikudziyatsa tokha, kumadya data ndi nthawi, ndipo mapeto ake mumagona osaonera kanthu.

Kulipira kumafuna khadi yotha kugulira zinthu pa intaneti. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, mwezi wina khadi yanga inakanidwa, ndipo ndinakhala pamzere kubanki theka la tsiku kuti anditsegulire. Limenelo si vuto la eni mafilimu, koma muliwerengere. Ubwino wake palibe pangano lokumangani. Mwezi womwe thumba lauma mumaimitsa, n'kudzayambiranso zikayenda. Akaunti imodzi imalola mayina mpaka 5, ndiye ana ndinawatsegulira yawo yoonetsa za ana zokha, yanga n'kuikapo nambala yachinsinsi. Chitani zimenezi tsiku loyamba lomwe, chifukwa muli mafilimu ena oti kuonera ndi apongozi mungasowe poyang'ana.

Nyenyezi yomwe ndachotsa ija ndi ya chiyankhulo ndi kuchepa kwa zathu. Mawu omasulira a pansi aja alipo m'ziyankhulo zambiri, koma Chichewa mulibe. Ife tinakulira m'mavidiyo sho momwe mnyamata wa pa maikolofoni ankasandutsa filimu ya ku China kukhala ya pa Ndirande, ndiye munthu ngati amayi akakhala pa filimu ya Chingerezi chokhachokha, ine ndi amene ndimasanduka womasulira mpaka kukhosi kuuma. Za ku Nigeria ndi ku South Africa ziliko zochuluka, za ku Zambia ndi Zimbabwe n'zowerengeka pa zala, ndipo ukalemba kuti Malawi posakira, ukadutsa ya Kamkwamba ija zotsatira zake zimayamba kulowera kwina. Mndandanda umasinthanso, filimu yomwe ilipo lero mwina miyezi ikubwerayi aichotsa, ndiponso zomwe akuona mbale wanu wa ku Johannesburg kapena ku Leeds si zonse zomwe zingapezeke kuno.

Amayi abwerera kumudzi sabata yamawa kukakonzekera dzinja. Dzulo anandiuza kuti asanapite ndiwaikirenso "ya mwana wa ku Kasungu ija", ndipo aitana anzawo awiri a kutchalitchi kuti adzaonere limodzi. Ndaitsitsa kale usiku wathawu, ndipo ulendo uno ndasankha chithunzi chowala, 2GB ipite.