Phukusi lomangira bwato la matanga pakhomo: matabwa ndi abwino, koma buku la malangizo ndi lopereŵera

Ndinagula phukusi la matabwa odulidwa kale omangira bwato la matanga lotalika mamita atatu ndi theka, ndipo popeza bwatolo layandama kale pamadzi nditalimanga ndekha m'galaja, ndingathe kufotokoza zimene ndinapeza m'phukusimo ndi zimene wogulitsa sananene. Phukusili limatsata njira yosoka ndi kumata, imene inatchuka ndi bwato la Mirror limene Jack Holt ndi Barry Bucknell anakonza mu 1962 mothandizidwa ndi nyuzipepala ya Daily Mirror ya ku London. M'njira imeneyi munthu sayamba ndi kumanga nthiti za bwato monga amachitira amisiri akale, koma amasoka matabwa opyapyala m'mphepete ndi waya wa kopa, ndipo matabwawo amapindika okha n'kutenga maonekedwe a bwato.

Pa matabwa ndilibe dandaulo ngakhale limodzi. Ndi plywood, kutanthauza matabwa opangidwa pomata pamodzi magawo opyapyala, ya mtengo wa okoume, umene umachokera ku Gabon ndi maiko oyandikana nalo, yochindikala mamilimita 6 ndipo ili ndi chidindo cha BS 1088, muyezo wa ku Britain wa plywood yopangira mabwato. Chidindo pachokha sindichikhulupirira kwenikweni, motero ndinayang'ana m'mphepete mwa thabwa lililonse kufunafuna mphako pakati pa magawo ake omatidwa, chifukwa m'mphako zoterozo ndi mmene madzi amabisala n'kuyamba kuoletsa bwato, koma sindinapeze iliyonse. Popeza plywood kaŵirikaŵiri imabwera yotalika mamilimita 2440 okha, mbali za bwato lotere zimayenera kulumikizidwa, ndipo apa wogulitsa anachita bwino podula mapeto a matabwa ndi makina kuti akhale ndi mano olumana. Akanapanda kutero ndikanafunika kupala mapetowo mopendeketsa, kutalika kwa malo opalidwa kukhala kasanu ndi katatu kuchindikala kwa thabwa, ntchito imene imagonjetsa anthu ambiri oyamba kumene.

Kusoka kunanditengera tsiku limodzi, ndipo ndi tsiku limene ndinasangalala kuposa ena onse, ngakhale waya anandibaya zala zonse. M'maŵa pansi panali matabwa afulati, madzulo pamipando iŵiri panali bwato. Buku likulangiza molondola kuti waya asamangidwe molimba mpaka matabwa onse atasokedwa, ndiponso kuti munthu ayeze ndi chingwe kuchokera pangodya ina kukafika pangodya yopingasa nayo, mbali zonse ziŵiri, pofuna kutsimikiza kuti bwato silinapotoke lisanamatidwe.

Vuto likuyambira pa epoxy, guluu amene amagwira bwato lonseli, amene bukuli lamupatsa tsamba limodzi lokha. Likunena kuti magawo asanu a guluu asakanizidwe ndi gawo limodzi la mankhwala oumitsira, koma silikuchenjeza kuti guluuyu amatulutsa kutentha akamauma, ndi kuti akachuluka m'kapu yakuya kutenthako kumafulumizitsa kuumako. Ine ndinasakaniza kapu yodzaza n'kupita kukadula nsalu ya fiberglass yolimbitsira misoko, ndipo pobwerera ndinapeza kapuyo ikufuka utsi, yosagwirika, kamtengo kotakasira kataima chilili pakati pa guluu wouma gwa. Kuyambira pamenepo ndinkasakaniza pang'onopang'ono n'kuthira m'mbale yafulati. Bukuli silikunenanso kuti kukazizira epoxy amachedwa kuuma, kapena kuti pamwamba pake nthaŵi zina pamatuluka kanthu koterera ngati phula kamene kamayenera kutsukidwa ndi madzi, chifukwa kakatsala penti sagwira. Za magolovesi latchula mongodutsa, pamene guluuyu akamakhudza khungu kaŵirikaŵiri amatha kuyambitsa zidzolo zimene zimabweranso nthaŵi iliyonse munthu akamuyandikira.

Cholakwa china chinali changa, koma chiganizo chimodzi m'buku chikanandipulumutsa. Guluu wosakaniza ndi utuchi wosalala ayenera kupakidwa pakati pa mawaya poyamba, kuti akauma mawayawo azulidwe msoko usanadzazidwe wonse. Ine ndinakwirira mawaya ena, ndipo ndinatha madzulo aŵiri ndikuwatenthetsa mmodzimmodzi kuti guluu afeŵe ndiwakoke ndi pulayala. Epoxy wa m'phukusi anathanso ndisanamalize kupaka m'kati, ngakhale ndivomereze kuti wina ndinamuwononga m'kapu ija.

Wogulitsa amalengeza kuti bwatoli limatha m'masabata ochepa, ndipo mwina zimenezo n'zoona kwa munthu amene akumanga lachitatu. Ine linanditengera miyezi isanu ya madzulo ndi masiku opuma, ndipo nthaŵi yambiri inathera pa sandipepa. Msoko uliwonse, dontho lililonse la guluu limene linayenderera, m'mphepete mwa nsalu iliyonse, zonsezi zimafuna kukhwecha, kupakanso ndi kukhwechanso, ndipo penti kapena vanishi sangadumphidwe chifukwa dzuŵa limawononga epoxy wosaphimbidwa.

Mlongoti, thanga ndi zingwe zinabwera zokwanira, koma chithunzi chosonyeza kamangidwe kake ndi chimodzi ndipo n'chaching'ono. Nditalembera wogulitsa anandiyankha msanga n'kutumiza zithunzi zomveka bwino, zimene zinayenera kukhala m'buku kuyambira pachiyambi.

Pamadzi bwatoli linandiiŵalitsa zambiri mwa zimenezi. Ndi lopepuka moti anthu aŵiri amalinyamula, limamvera chiwongolero mosavuta, ndipo thabwa la pakati, limene limaloŵa m'madzi pansi pa bwato, likatsitsidwa bwatolo limayenda mopendeketsa molunjika kumene mphepo ikuchokera popanda kutsetserekera m'mbali kwambiri. Ndinaligubuduza dala pamalo osaya kuti ndiyese zipinda zake zampweya, ndipo linayandama bwino, kupatula kuti chivindikiro cha chipinda chakutsogolo chinaloŵetsa madzi pafupifupi kapu imodzi, zimene ndinakonza posintha labala wake. Munthu amene sanagwirepo ntchito yotere angagule phukusili mosakayika chifukwa cha matabwa ake, koma agulenso epoxy wowonjezera, ndipo ayambe wayesa kumata tizidutswa totsala asanakhudze bwato lenilenilo.